Momwe mungachitire kafukufuku wa makompyuta mosamala chilengedwe popanda kugwa mphwayi

Aliyense amene amachita kafukufuku wa makompyuta, kaya ndi wophunzira amene akulemba digiri yachiwiri kapena mphunzitsi woyang'anira labotale, akhoza kufooka akaona kuchuluka kwa magetsi ndi zinyalala zimene ntchito imeneyi imabweretsa. Bungwe la International Energy Agency linawerengera kuti m'chaka cha 2024 malo osungira deta pa dziko lonse anagwiritsa ntchito magetsi okwana ma terawatt-hour pafupifupi 415, omwe ndi 1.5 peresenti ya magetsi onse a pa dziko lapansi, ndipo likuyembekezera kuti pofika chaka cha 2030 chiwerengerochi chidzakhala chitawirikiza kawiri. Lipoti la ITU ndi UNITAR, mabungwe a United Nations, nalo linasonyeza kuti m'chaka cha 2022 anthu anataya matani 62 miliyoni a zipangizo zamagetsi, ndipo zimene zinatoleredwa ndi kukonzedwanso mwadongosolo sizinafike ngakhale pa gawo limodzi mwa magawo anayi.

Ziwerengero zimenezi ndi zoona ndipo si bwino kuzipeputsa, koma kutaya mtima kuli ndi vuto lake, chifukwa munthu akataya mtima amasiya kuyeza, amasiya kufunsa, n'kumangopitiriza zimene wakhala akuchita poganiza kuti palibe chimene chingasinthe. Umboni woti zinthu zimasinthika ulipo. M'chaka cha 2020 Eric Masanet ndi anzake anafalitsa m'magazini ya Science kafukufuku wosonyeza kuti pakati pa 2010 ndi 2018 ntchito yochitika m'malo osungira deta inawonjezeka ndi 550 peresenti, pamene magetsi ogwiritsidwa ntchito anangowonjezeka ndi 6 peresenti. Izi zinatheka chifukwa akatswiri anakonza maseva (makompyuta a m'malo osungira detawo) osadya magetsi ambiri, anayamba kugawana seva imodzi pa ntchito zingapo, ndiponso anapeza njira zabwino zoziziritsira makina. Mfundo yanga ndi yakuti gawo lalikulu la zimene zimawonongeka pa kafukufuku lili m'manja mwa wofufuza mwiniwake, ndipo nthawi zambiri kulichepetsa kumapangitsa kafukufukuyo kukhala wolongosoka kuposa kale.

Yambani ndi kuyeza, ndipo musadikire kuti mupeze chida chapamwamba, chifukwa masamu ake ndi osavuta. Tengani mawati amene makina anu amakoka, muwachulukitse ndi maola amene ntchito yatenga, kenaka mugawe ndi 1,000 kuti mupeze mayunitsi a magetsi, yuniti imodzi kukhala kilowatt-hour imodzi. Zotsatirazo muzichulukitse ndi PUE ya malo amene makinawo ali, yomwe ndi nambala yosonyeza magetsi owonjezera amene amapita ku zoziziritsira ndi zipangizo zina zothandizira. Malo ambiri ali ndi PUE ya pafupifupi 1.5, pamene malo osamalidwa bwino kwambiri amatsika kufika pafupi ndi 1.1. Pomaliza chulukitsani ndi magalamu a mpweya wa kaboni amene amatuluka popanga yuniti imodzi ya magetsi m'dera limene makinawo ali.

Tiyerekeze kuti mukuphunzitsa modelo (pulogalamu yophunzira kuchokera ku deta) pa ma GPU anayi (mapurosesa ochita masamu ambiri nthawi imodzi), iliyonse ikukoka mawati 300, kwa maola 48. Amenewo ndi mayunitsi 57.6, ndipo mukawerengera PUE ya 1.5 akukwana 86.4. Ngati magetsiwo ndi opangidwa ndi malasha, amene amatulutsa magalamu 800 kapena kuposa pa yuniti, ntchito yanu yatulutsa makilogalamu pafupifupi 69 a mpweya wa kaboni, pamene m'dera limene yuniti imatulutsa magalamu 60 okha ntchito yomweyo ingatulutse makilogalamu asanu. Makilogalamu 69 angaoneke ochepa, koma palibe wofufuza amene amaphunzitsa modelo kamodzi kokha. Mukafuna kuyesa zosintha zitatu za kaphunzitsidwe ka modeloyo, chilichonse pa milingo isanu, mulingo uliwonse ndi unzake, ndiye kuti muyendetsa ntchitoyo ka 125, ndipo mukabwereza kuyesa kulikonse katatu pofuna kutsimikiza zotsatira, mwafika pa maulendo 375, omwe ndi matani pafupifupi 26. Pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo mtolo umenewu suoneka chifukwa palibe amene amauika pa sikelo.

Zida zothandiza kuyeza zilipo ndipo ndi zaulere. Pa makina okhala ndi GPU ya Nvidia, lamulo la nvidia-smi limakuonetsani mawati amene GPU ikukoka pa nthawiyo komanso kuchuluka kwa ntchito imene ikugwira. Ma CPU (mapurosesa aakulu a kompyuta) ambiri a Intel ndi AMD ali ndi zowerengera magetsi zotchedwa RAPL. Pulogalamu ya CodeCarbon mumangoiphatikiza ku ntchito yanu ya Python ndi mizere yochepa, ndipo imalemba yokha magetsi ndi mpweya wa kuyesa kulikonse m'fayilo. Ngati ntchito inachitika kale ndipo simunayeze, chowerengera cha Green Algorithms, chimene anakonza Loïc Lannelongue, Jason Grealey ndi Michael Inouye, chimakupatsani chiyerekezo mukangolowetsa mtundu wa makina, maola, memore ndi dziko. Zida zimenezi sizipereka manambala ofanana ndendende, choncho sankhani chimodzi ndipo muzichigwiritsa ntchito nthawi zonse kuti muzitha kuyerekeza ntchito ya mwezi uno ndi ya mwezi watha.

Mukayeza kwa milungu ingapo mudzaona kuti magetsi ambiri amathera pa ntchito imene sinabale chilichonse, ndipo apa ndi pamene muyenera kuikapo mtima kwambiri. Tsegulani nvidia-smi ntchito yanu ili mkati, n'kuyang'anitsitsa nambala yosonyeza kutanganidwa kwa GPU. Mukaona ikukwera kufika pa 90 peresenti, kenaka n'kugwa pa ziro kwa masekondi angapo, n'kukweranso, dziwani kuti GPU ikudikira deta imene CPU ikuchedwa kuwerenga ndi kukonza. Nthawi yonse yodikirayo makina akudya magetsi. Kukonzeratu deta kamodzi n'kuisunga, kapena kuwonjezera njira zowerengera deta pa nthawi imodzi, kumatha kufupikitsa ntchito yonse popanda kusintha zotsatira ngakhale pang'ono. Pa makompyuta akuluakulu ogawana, amene amayendetsedwa ndi pulogalamu ya Slurm, lamulo la seff, kumene likupezeka, limakuuzani ntchito ikatha kuchuluka kwa CPU ndi memore zimene munapempha poyerekeza ndi zimene munagwiritsadi ntchito. Ofufuza ambiri amapempha memore yochuluka poopa kuti ntchito ingaime panjira, ndipo mantha amenewa ndi omveka, koma memore imene mwaitsekera inuyo singagwiritsidwe ntchito ndi wina, choncho mukaona kuti munagwiritsa ntchito gawo lochepa, tsitsani pempho lanu ulendo wotsatira.

Musanatumize ntchito ya maola 48, iyeseni kaye kwa mphindi zisanu pa kadeta kochepa, kuyambira poyambira mpaka pamene imasunga zotsatira, chifukwa cholakwika cha pa mzere womaliza chimawononga ntchito yonse imene yachitika pamwamba pake. Konzani kuti pulogalamu izisunga pamene yafika nthawi ndi nthawi, kuti makina akazima musayambirenso pachiyambi. Pofufuza milingo yabwino ya zosintha, siyani chizolowezi choyesa chilichonse ndi chinzake. M'chaka cha 2012 James Bergstra ndi Yoshua Bengio anasonyeza kuti kusankha milingo mwachisawawa kumapeza zotsatira zabwino mofanana kapena kuposa pa maulendo ochepa, chifukwa pa zosintha zambiri ndi zochepa chabe zimene zimakhudzadi zotsatira. Njira ngati Hyperband zimapita patsogolo poimitsa msanga kuyesa kumene kwaonekeratu kuti sikupita kulikonse. Mukatsatira zimenezi, maulendo 375 aja amatsika kwambiri, ndipo inunso mumapeza mayankho anu msanga.

Funso lotsatira ndi lakuti kodi mukufunikadi modelo yaikulu, ndipo kodi mukufunikadi kuiphunzitsa kuyambira pachiyambi. Yambani ndi njira yosavuta imene ingayankhe funso lanu, n'kulemba zotsatira zake, kuti njira yaikulu ikabwera idzasonyeze ngati ikupambanadi mokwanira kulipira magetsi ake. Modelo ya DistilBERT, imene inatuluka ku kampani ya Hugging Face m'chaka cha 2019, ndi yocheperako ndi 40 peresenti poyerekeza ndi BERT, modelo ya chinenero imene inachokerako, imathamanga kwambiri ndi 60 peresenti, koma imasunga 97 peresenti ya luso lake lomvetsa chinenero. Njira ya LoRA, imene ofufuza a ku Microsoft anafotokoza m'chaka cha 2021, imakulolani kutenga modelo yophunzitsidwa kale n'kusintha kagawo kochepa kwambiri ka maparamita ake (manambala amene modelo imaphunzira) m'malo mosintha onse. Kuchepetsa manambala a mkati mwa modelo kuchoka pa mabiti 32 kufika pa 16 kapena 8 kumachepetsanso memore ndi magetsi. Phindu lina la njira zoterezi, limene ine ndimaliona kuti ndi lalikulu, ndi lakuti zimatsegula khomo kwa ofufuza amene alibe makina odula, chifukwa kafukufuku amene amafuna GPU imodzi akhoza kubwerezedwa ndi kutsimikizidwa ndi anthu ambiri.

Malo amene ntchito ikuchitikira amasintha zinthu kuposa momwe ambiri amaganizira. Modelo ya BLOOM, ya maparamita 176 biliyoni, inaphunzitsidwa m'chaka cha 2022 pa kompyuta yaikulu ya Jean Zay ku France, kumene magetsi ambiri amachokera ku nyukiliya, ndipo Sasha Luccioni ndi anzake anawerengera kuti magetsi ophunzitsirawo anatulutsa matani pafupifupi 25 a mpweya, kapena pafupifupi 50 mukawerengera kupangidwa kwa makina ndi magetsi ena oyendetsera malowo. Modelo ya GPT-3, yomwe kukula kwake n'kofanana ndi BLOOM, David Patterson ndi anzake anaiwerengera matani 552. Kusiyanaku kunabwera chifukwa BLOOM inagwiritsa ntchito magetsi ochepa komanso magetsiwo anali oyera kwambiri. Kompyuta ya LUMI, imene ili m'nyumba yakale ya fakitale ya mapepala ku Kajaani m'dziko la Finland, imayendera magetsi ochokera ku madzi, ndipo kutentha kumene imatulutsa kumapita m'mapaipi otenthetsera nyumba za m'tauniyo. Ngati mumabwereka makina kudzera pa intaneti, mumapatsidwa mwayi wosankha dera, choncho yang'anani kaye pa webusaiti ya Electricity Maps kuti muone dera limene magetsi ake ndi oyera, bola malamulo osungira deta yanu akulolani kuitumiza kumeneko.

Nthawi nayonso ndi yosankhika. Kumene kuli magetsi ambiri a dzuwa kapena a mphepo, mpweya wa pa yuniti umasintha malinga ndi ora, ndipo kampani ya Google inalengeza m'chaka cha 2020 kuti inayamba kusunthira ntchito zosafulumira ku maola amene magetsi oyera achuluka. Pa Slurm mungachite zofananazo pouza ntchito yanu ora loyambira.

Tsopano tikambe za makina enieniwo, chifukwa magetsi ndi mbali imodzi chabe. Kupanga kompyuta kumafuna kukumba miyala, kuyenga zitsulo, madzi ambiri oyera ndi mafakitale odya magetsi koopsa, ndipo zonsezi zimakhala zitachitika kale inu musanatsegule bokosi. Udit Gupta ndi anzake anasonyeza m'chaka cha 2021 kuti pa zipangizo ngati mafoni ndi malaputopu, gawo lalikulu la mpweya wa moyo wonse wa chipangizocho limatuluka pochipanga. Tanthauzo lake kwa woyang'anira labotale ndi lakuti chaka chilichonse chimene mwawonjezera pa moyo wa laputopu chimapulumutsa zambiri kuposa kuizimitsa usiku, ngakhale kuti kuizimitsa n'kwabwinonso. Musanagule yatsopano, onani ngati kusintha batire, kuwonjezera memore kapena kuika SSD (chosungira deta chothamanga) sikungakwanire. Pamene Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, makompyuta ambiri abwinobwino anaoneka ngati atha ntchito chifukwa sangalandire Windows 11, koma ambiri mwa iwo amayenda bwino ndi Linux, yomwe ofufuza ambiri amaigwiritsa kale ntchito. Pogula, funsani ngati chipangizocho chimatseguka ndi sikuludiraiva, ngati zosinthira zake zimapezeka, komanso zaka zimene wopanga adzapitirize kuchithandiza.

Pa maseva nkhani imasiyana pang'ono, ndipo muyenera kuwerengera musanagamule. Seva yakale kwambiri imene imayaka usana ndi usiku pa magetsi a malasha ikhoza kuwononga zambiri kuposa yatsopano imene imagwira ntchito yomweyo ndi magetsi ochepa. Komanso m'malo moti gulu lililonse ligule makina ake amene azikhala osagwira ntchito theka la chaka, ndi bwino kuphatikiza ndalama n'kugula makina ogawana. Musaiwale deta: konzani tsiku pa miyezi ingapo iliyonse lofufuta mafayilo apakatikati amene simudzawafunanso, ndipo deta yofunika kusunga koma yosatsegulidwa kawirikawiri isunthireni ku matepi kapena malo ena osungira amene sadya magetsi nthawi zonse.

Pali msampha umodzi umene ungathe kufafaniza phindu la zonse zimene tanenazi. M'chaka cha 1865 William Stanley Jevons anaona kuti pamene makina oyendera nthunzi ku Britain anayamba kudya malasha ochepa, dziko lonse linayamba kugwiritsa ntchito malasha ambiri, chifukwa makinawo anatsika mtengo woyendetsera ndipo anafalikira paliponse. Zomwezo zimachitika mu labotale: liwiro la pulogalamu likawirikiza kawiri, wofufuza amangowirikiza kuyesa kwake, ndipo magetsi a pa mwezi sasintha. Njira yopewera ndi kudziikira malire musanayambe. Polemba ndondomeko ya kafukufuku, lembani maola a GPU kapena mayunitsi amene ntchitoyo iyenera kugwiritsa ntchito, monga momwe mumalembera bajeti ya ndalama, ndipo mugwirizane ndi anzanu kuti kupitirira malirewo kudzafuna chifukwa cholembedwa. Malire otere amakukakamizani kufunsa, musanayendetse kuyesa kulikonse, chimene mukuyembekezera kuphunzira ndiponso chimene mudzachite mosiyana zotsatira zikabwera. Kuyesa kumene kulibe yankho la mafunso awiriwa kukhoza kudikira.

Chiyembekezo chachikulu, kwa ine, chili pa kusankha mutu wa kafukufuku. Kwa zaka zambiri kupambana pa makompyuta kwakhala kukuyezedwa ndi liwiro komanso kukula, koma pali ofufuza amene amafunsa zimene zingatheke pamene magetsi, zipangizo ndi intaneti zili zochepa. Msonkhano wa ICT4S unayamba ku Zurich m'chaka cha 2013, ndipo wa LIMITS unayamba ku Irvine m'chigawo cha California m'chaka cha 2015, ndipo yonse iwiri imalandira ntchito zoterezi. Jennifer Switzer ndi anzake ku University of California San Diego analumikiza mafoni akale kuti agwire ntchito ngati seva yaing'ono, poona kuti foni imene mwini wake waisiya imakhala ndi purosesa yamphamvu, memore ndi batire, ndipo mpweya wopangira zonsezi unatuluka kale. M'chaka cha 2020 ofufuza a ku Northwestern University ndi a ku Delft anaonetsa kachipangizo ka masewero kofanana ndi Game Boy kopanda batire, kamene kamatenga mphamvu ku kuwala ndi ku kudina kwa mabatani, ndipo mphamvu ikatha kamasunga pamene masewero afika n'kupitiriza ikabwerera. Ngakhale kuti ndi choseweretsa, funso limene chinayankha ndi lovuta, la momwe pulogalamu ingagwirire ntchito molondola pa magetsi odukaduka, ndipo yankho lake ndi lofunika pa zipangizo zing'onozing'ono zoyezera zinthu zimene sizingasinthidwe mabatire chaka ndi chaka.

Mungasankhenso kugwiritsa ntchito luso la makompyuta pothandiza mwachindunji pa nkhani za nyengo, monga kulosera kuchuluka kwa magetsi a dzuwa ndi mphepo kapena kuyang'anira nkhalango kudzera pa zithunzi za setilaiti. Modelo ya GraphCast, imene Google DeepMind inatulutsa m'chaka cha 2023, imalosera nyengo ya masiku khumi m'nthawi yosakwana mphindi imodzi pa makina amodzi, pamene njira zakale zimafuna maola pa kompyuta yaikulu. Komabe mukamanena kuti ntchito yanu ithandiza chilengedwe, werengerani mbali zonse ziwiri, zimene yawononga poipanga ndi zimene ikupulumutsa, ndipo mutchule amene adzaigwiritse ntchito, chifukwa pulogalamu imene yangothera m'pepala la kafukufuku sichepetsa mpweya uliwonse. Njira yodalirika ndi kugwira ntchito kuyambira pachiyambi ndi akatswiri a zanyengo, a zamagetsi kapena a zankhalango amene amalidziwa bwino vutolo.

Maulendo a pandege opita ku misonkhano muwaike pa sikelo yomweyo. Ofufuza ena anawerengera kuti anthu 28,000 amene anapita ku msonkhano wa American Geophysical Union ku San Francisco m'chaka cha 2019 anatulutsa matani 80,000 pa maulendo awo, pafupifupi matani atatu munthu aliyense. Sankhani misonkhano yochepa imene ili yofunikadi, perekani mwayi woyenda kwa ophunzira amene akufunika kudziwana ndi anzawo a ntchito, ndipo ina muzilowa kudzera pa intaneti.

Chomaliza ndi kulemba zimene mwayeza kuti ena azione. Kuchokera m'chaka cha 2019, pamene Emma Strubell ndi anzake ku University of Massachusetts Amherst anawerengera magetsi ophunzitsira mamodelo a chinenero, ndipo Roy Schwartz ndi anzake ku Allen Institute for AI anapempha kuti kusadya magetsi kuziwerengedwa ngati chipambano pa kafukufuku, misonkhano ikuluikulu monga NeurIPS inayamba kufunsa olemba kuti afotokoze makina amene anagwiritsa ntchito. Musadikire kufunsidwa. M'pepala lanu ikani ndime yaifupi yotchula mtundu ndi chiwerengero cha makina, maola, dera, chida chimene munayezera, mayunitsi ndi mpweya umene unatuluka, ndipo manambalawo akhale a ntchito yonse kuphatikizapo kuyesa kumene kunalephera, osati a ulendo womaliza wokha. Pa tebulo la zotsatira onjezani mzere wa magetsi pafupi ndi wa kulondola, kuti wowerenga aone ngati kupambana kwa theka la peresenti kunafuna magetsi owirikiza kakhumi. Mukapatsidwa pepala la wina kuti muliunike, funsani mwaulemu manambala omwewa. Ikani poyera pulogalamu yanu, modelo yophunzitsidwa kale ndi milingo imene inagwira bwino ntchito, pamodzi ndi mndandanda wa njira zimene munayesa koma sizinathandize, kuti gulu lina lisadzayatse makina kwa milungu pofufuza zimene inu munazipeza kale.